Boyila Yathu Ilibe Nyukiliya, Ili ndi Waya

Kwa Olemekezeka Bwana Mkonzi Wamkulu wa nyuzipepala yotitsegula maso tonsefe,

Bwana,

Ndikulemba chogwada. Ine ndine wothira malasha mu boyila, chithanki chowiritsira madzi kuti atuluke nthunzi, pa fakitale ya sopo ija boyila yake imodzi inaphulika mwezi wathawu. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye kalatayi ndaibwereza mpaka cholembera kuuma. Mukapezamo cholakwika mukonze, poti kukonza nkhani ndi ntchito yanu. Yathu ija munaikonza mpaka eniakefe sitinaizindikire.

Ndabwera ndi mathokozo, ndipo ndawaika mumndandanda kuti ndisaiwaleko.

Choyamba, zikomo chifukwa cha chithunzi. M'mawa mwake mwa ngoziyo munaika patsamba loyamba zinsanja zoyera zikuluzikulu zikufuka mtambo, pamwamba pake funso lakuti kodi nyukiliya yatipeza. Ine ndinayamba ntchito pano tsitsi lili lakuda, koma nsanjazo sindinazionepo. Ndinakazifuna mpaka kuseri kwa zimbudzi. Chumuni chathu n'chimodzi, chadzimbiri, chopendekeka ngati chaledzera. Ndamva kuti wojambula wanu tsikulo anali ku msonkhano wa akuluakulu okambirana zodzamanga magetsi a nyukiliya, ndiye chithunzicho munachita kubwereka cha kunja. Munaganiza bwino. Zathuzi zikanangodetsa pepala.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha akatswiri. Sabata yathunthu madokotala a mabuku akhala akutifotokozera za cheza chosaoneka chomwe chimalowa m'mafupa, ndi za mizinda ya kutsidya kwa nyanja yomwe anthu anaithawa. Ndaphunzira zambiri. Mlamu wanga, mchimwene wawo wa mayi a kunyumba, ndi amene anali pafupi ndi boyila ikuphulika. Nthunzi inamusenda kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Iyeyu munamupatsa mzere umodzi pansi pa tsamba, pafupi ndi malonda a matayala, wakuti munthu wina akuti wavulalako. Ndinamuwerengera kuchipatala. Anafuna kuseka koma khungu linakana.

Chachitatu, mwatchukitsa banja langa. Kale mkazi wanga ankaima pamzere wautali pampopi. Lero akangotulukira ndi ndowa, amayi onse amamupatsa njira, ena kusiya ndi zigubu zomwe. Wometa wa pakona akandiona, makina ake amawonongeka nthawi yomweyo. Kuchipatala abale amamulonjera mlamu pawindo, atatseka mphuno ndi mpango, ndipo womusambitsa ndi mlongo wake yekha, mkazi wangayo. Sindikuwanena anthuwa, anawerenga zomwe munalemba. Inenso, Bwana, mtima wanga ndi waung'ono. Ndadzifunditsapo bulangete masanasana kuti ndione ngati ndikuwala. Sindikuwala. Mayi a kunyumba anandifunsa ngati mutu ukuyenda bwino.

Chachinayi, ndipo apa ndiye ndikuwomba m'manja, phokoso lanu linabweretsa oyendera mafakitale. Anafika atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, atanyamula kamakina komwe akuti kamalira kakanunkhiza cheza. Anakayendetsa pabwalo, mosungira sopo, m'chipinda chodyera, ngakhale pa njinga ya mlonda. Sikanalire. M'chipinda cha boyila anangosuzumira pakhomo, poti mumatentha ndipo zovala zawo zija n'zosapuma. Tsiku lotsatira munalemba ndi zilembo zonenepa kuti mantha atha, fakitale ilibe nyukiliya. Bwana wamkulu wa fakitale munamujambula akumwetulira mano onse panja. Ulendo umenewu wojambula anapezeka.

Choncho fakitale ikutsegulidwa Lolemba, ndipo ine andiika pa boyila yachiwiri.

Pepani ndikutayireni nthawi ndi zinthu zazing'ono zosayenera tsamba loyamba. Boyila ziwirizi zinabwera limodzi ngati mapasa. Iliyonse ili ndi valavu pamwamba, yomwe imatseguka yokha n'kutaya nthunzi ikachuluka. Mavalavuwo atakalamba anayamba kuimba likhweru pafupipafupi, anthu a mu ofesi n'kudandaula kuti sakumvana pafoni. Kapitawo anakwera makwerero n'kuwamanga onse awiri ndi waya. Likhweru linatha. Boyila ya mlamu ija inakhala chete mpaka tsiku lomwe inayankhula kamodzi. Yachiwiriyi waya wake ulipobe, dzulo ndinakauona, ndinabwereranso kukauonanso. Kamuvi kosonyeza mphamvu ya nthunzi nakonso kamagona, kamadzuka ukakagogoda ndi chala.

Ndinamuuza kapitawo kuti ndikuopa. Anandifunsa ngati sindiwerenga nyuzipepala. Akuti akatswiri anayeza, a nyuzi analemba, nanga ine wamalasha ndine ndani. Zomwe munalembazo n'zoonadi, Bwana. Nyukiliya mulibemo.

Sindikudziwa ngati magetsi a nyukiliyawo ndi abwino kapena oipa, zimenezo ndasiyira inu. Ndimangodzifunsa, ndikamasenda mbatata ya ana, kuti tsiku lomwe chinthu chachikulucho chidzayambe kuimba likhweru, adzakwere makwerero ndani. Koma izi n'zamtsogolo. Zanga ndi za Lolemba. Kukana ntchito sindingathe, m'nyumba muli ana, ndipo tsopano ndi a mlamu omwe.

Pempho langa ndi laling'ono. Ngati kulibe msonkhano wa akuluakulu Lolemba, mutibwerekeko mtolankhani mmodzi. Asavutike ndi zovala zoyera, angobwera ndi maso. Ndidzamupukutira mpando n'kumuikira pafupi nane, pansi penipeni pa valavu, poti pepala lanu linatsimikiza kale kuti malowa ndi abwino. Akadzamva kutentha ndidzamukupiza ndi katoni.

Koma ngati nonse muli otanganidwa, ndamvetsa. Mu envelopu muno ndaikamo chithunzi changa, chomwe ndinajambulitsa khungu lonse lilipo. Musunge mu kabati yapafupi. Nkhani ikadzakupezani, musadzavutikenso kubwereka za kunja.

Ndine kapolo wanu wowerenga tsamba lililonse,

Wamalasha wa pa boyila yachiwiri