Chigamba chalowa, koma pati?

Lolemba
Pulogalamu yathu yosungitsira zipinda pa loji kuno ku Nkopola yatuluka yatsopano. Eni pulogalamuyi ali kunja, satidziwa n'komwe, ndiye ife timamatapo zigamba zathu, timizere ta khodi, malamulo ouza kompyuta zochita, tosintha apa ndi apo. Zilipo zitatu:
- cha Chichewa
- cha mitengo m'makwacha
- choletsa alendo osadziwana kupatsidwa chipinda chimodzi
Ntchito yanga ndi kungouza chida chopakira pulogalamu kuti chiyese ngati chigamba chilichonse chikukhala pamalo pake. Zachibwana! Ndalonjeza Che Jafali, eni loji, kuti Loweruka pa ukwati wa mwana wawo zonse zikhala myaa.

Lachiwiri
Cha makwacha chalowa. Cha Chichewa chakana, fayilo yake eni pulogalamu anaisintha dzina. Anawatuma ndani? Ndakonza, chalowa. Che Jafali atasuzumira: "Chinthu chatsopano, zigamba kale? N'cha pa kaunjika kodi?"

Lachitatu
Chachitatu chakana. Chida chikuti mizere yoyandikana nacho si yomwe chimaidziwa. Anachilemba ndi Yusufu, yemwe ankagwira ntchitoyi ine ndisanabwere. Ali ku Joni, foni sayankha. Malangizo onse amene anasiya m'khodimo: "osakhudza." Zikomo achimwene.

Lachinayi
Magetsi kulibe. Jenereta akuti ndi ya firiji, muli chambo cha ukwati. Mayi Asiyatu a kukhitchini: "Kompyuta yakoyo ikazima imanunkha?"

Lachisanu
Ndaipeza njira! Pali kamawu kouza chida kuti chisiye makani, chingomata paliponse pamene pakufananako. Chalowa! Zonse zobiriwira! Pansi pali kachenjezo kachikasu, koma nthawi ya mapemphero a Juma yakwana. Kumzikiti ndikuthokoza kuposa aliyense.

Loweruka
Chinalowadi. Koma pa mizere ya malo oimika magalimoto, osati ya zipinda. Magalimoto ali pa mtendere, iliyonse malo akeake. Anthu ndiye awa:
- chipinda 4: a shehe, pamodzi ndi anyamata a bandi ochokera ku Chembe ndi ng'oma zawo
- chipinda 7: mabanja atatu, thaulo limodzi
- chipinda cha akwati: azakhali a mkwati, avula kale nsapato, akuti kiyi anawapatsa ndi kompyuta
Che Jafali sakukalipa. Akungonditchula dzina lonse, ndi la bambo anga lomwe, pang'onopang'ono. Tsiku lonse ndikusenza matiresi, nditavala malaya anga a ukwati.

Lamulungu
Ndabwezeretsa pulogalamu yakale. Ikuyenda bwinobwino, mopanda manyazi. Akwati anagona m'chipinda changa, ine pa benchi ya mu ofesi. A shehe akuti anyamata a bandi ndi ana abwino, koma wa gitala amaliza mkonono. Ntchito ndikadali nayo, chifukwa palibe wina akuifuna. Azakhali sanatulukebe. Akuti chipinda n'chabwino, mphepo ikulowa, ndiwalembere mpaka Lachitatu. Ndawalembera.