Nkhope Yanga ndi Mowa wa ku Kepitauni

Lolemba

Katundu wa Esinta wafika kuchokera ku Kepitauni, kumene mwanayu amagwira ntchito kofulula mowa. Muli nsapato za amake, sopo ndi mabotolo anayi a mowa wofiirira. Pa foni akuti: "Ababa, umenewo ndi IPA. Amauthira timaluwa towawa, kenako umagona miyezi m'migolo ya mtengo wa oki. Musaugugude ngati masese, ndi waukali."

Ntchito ya mowawu ndaipeza kale. Ine ndi achimwene anga a Lazalo sitilankhulana chiwaikireni amayi m'manda. Tinakangana za malata a nyumba ya malemuwo, pamaliro pomwepo, anthu akuonerera. Panopa akalamba, miyendo ikuwavuta, ndipo m'mimba mwa amayi tatsala awiri basi. Ndatumiza uthenga kwawo ku Kaduya: abwere Loweruka, tidzamwere limodzi chakumwa chakunja, nkhaniyi ithe.

Lachiwiri

Wakabaza wabwera ndi yankho: "Akuti abwera." Basi. Koma bwalo ndasesa ndekha.

Zofunika:
mipando iwiri ya ndalema
tambala wofiira uja
tambula yagalasi, ibwerekedwe
mtima wofatsa

Ndikutsegula botolo limodzi kuti ndidziwe chimene ndidzaikire mlendo. Fungo lake labwino, la malalanje ndi matabwa ongopala kumene. Ndikumwa. Mayo ine! Ngati ndatafuna masamba a nimu. Lilime lauma gwa, diso lamanzere latsinzina lokha. Kenako kukhosi kukubwera kakutentha kokoma ndithu, koma kakubwera mochedwa, nkhope itaulula kale.

Amake Esinta akuti: "Nkhope imeneyo ndiye mudzawaonetse achimwene anu?"

Apa ndiye pagona nkhani. Mwini mowa ndiye amayamba kumwa mlendo akuyang'ana, kuti aone kuti mulibe chiphe. Munthu amene mwadana naye amayang'anitsitsa.

Lachitatu

Tsiku lophunzitsa nkhope. Galasi la amake Esinta pazenera, botolo lachiwiri m'manja. Imwa, meza, mwetulira. Milomo ikumvera, koma disoli ayi, lili ndi mutu wakewake.

Za ukali Esinta sananame. Ndikudzuka pamkeka dzuwa litapendeka, nandolo wosathyola, mbuzi zikulira m'khola.

Lachinayi

Esinta akuti ukazizira kuwawako kumachepa. Firiji kuno kwa Chiwalo ndi ya a Saidi a golosale, Msilamu wa Chisilamu chake. Andimvetsera mpaka kumapeto, kenako akuti: "Achimwene, nyama ndikusungirani, mkaka ndikusungirani, koma zimenezo mufiriji mwangamu ayi." Sindingawadandaule.

Ndaviika mabotolo otsalawo mumtsuko wa madzi. Pofika madzulo mapepala ake onse amatuka, akuyandama. Tsopano ndili ndi mabotolo opanda dzina, ngati ochokera kwa sing'anga.

Lachisanu

Amake Esinta akuti: "Ndingophika thobwa, bambo. Thobwa silinadanitsepo anthu." Ndakana. Uthenga unapita kale wakuti chakumwa ndi chakunja. Akadzapeza thobwa adzati ndawatchipitsa, monga ananenera pamaliro paja.

Nzeru yatsopano: shuga. Ndikuthira supuni imodzi m'botolo lachitatu. Thovu phwaa! Pamalaya, pamkeka, pa galu. Chotsalacho chikuwawabe, kungoti tsopano chikunyansanso.

Latsala limodzi. Ndikuopa mawa, kunena zoona.

Loweruka

Afika. Atsika pakabaza movutika, ndodo patsogolo. Aonda, ndipo mtima wanga wasweka powaona. Moni tapatsana wa manja awiri, wopanda mawu ambiri.

Ndikuthira mutambula. Ndikuuza diso langa kuti lero lokha lindichitire chifundo. Ndikumwa.

Zonse zagwa pamodzi: diso, mlomo, ngakhale khosi lagwedezeka. Achimwene ayang'ana ine, ayang'ana botolo lopanda pepala, ayang'ananso ine.

Akuti: "Iwe wangonyambita, thupi lakana."

Ndikufotokoza za timaluwa, za migolo, za Kepitauni. Akungogwedeza mutu monga achitira munthu wamkulu mwana akamanama. Kenako atambasula dzanja, atenga tambula, amwa yonse osapumira. Athiranso wotsala m'botolo, amwanso. Nkhope yawo osasintha ngakhale pang'ono.

Akuti: "Malata aja utenge. Ana anga usadzawavute."

Tambala sanadye. Aitana kabaza, apita.

Lamulungu

Kutchalitchi sindikupita. Wakabaza wabwera ndi nkhani yonse, akulephera kuimaliza ndi phwete. Akuti achimwene atafika kwawo anasamba, navala suti yawo, naitana ana onse kuwatsanzika, nagona pamkeka manja pachifuwa. Akuti nkonono unamveka mpaka kumsewu. M'mawa adzuka mutu ukuwawa, apempha phala.

Ku Kaduya konse akuseka. Amake Esinta akusekera kuseri kwa nkhokwe. Ine sindikuseka. Mwana wa amayi anga anakhulupirira kuti ndamuthirira chiphe, ndipo anamwa mpaka dontho lomaliza osandifunsa chifukwa chake. Bola akanandimenya ndi ndodo.

Basi, zatero. Ndikufunsa wakabaza ngati achimwene andipatsira mawu aliwonse. Kuseka kwamuthera, akukanda m'mutu.

"Akuti ndikuuzeni kuti sizinagwire."