Za Amuna Anga, Amene Sanabwere Kanayi

Kwa Olemekezeka a Dokotala Aakulu a Makutu, Mphuno ndi Pakhosi,

Bambo,

Ndagwada. Ine ndine telala wamba, wosoka mayunifolomu pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo sukulu yanga inathera pomwe yanu inayambira. Ndikadabwera kudzalankhula pamaso, koma mlonda wa pageti panu amati operekeza odwala azidikira panja, pansi pa mtengo. Ndiye ndati ndilembe, poti pa ziwalo zonse za kumutu, maso okha ndi amene simunawachitire maphunziro, mwina akadagwirabe ntchito bwino.

Amuna anga acheka matabwa pa makina zaka makumi awiri ndi zisanu. Khutu la kumanja linatseka kalekale. La kumanzere, lomwe ndimawakalipiriramo, limatuluka mafinya. Mu Febuluwale, namwino wina wachifundo atawalowetsa chowagwira dzanja, munaliunika nokha ndi katochi kanu. Munati m'kati munabooka, ndipo opaleshoni ikapanda kuchitika chaka chino, nalonso litsatira linzake. Tili mu Novembala, bambo, ndipo ndalemba kalatayi kuti ndithokoze.

Choyamba, ndithokoze dongosolo lanu loitanira odwala. Chipinda chodikirira chili ndi kazenera kofanana ndi chikhatho, ndipo kuseri kwake kumakhala kalaliki amene odwala anamupatsa dzina loti Manong'onong'o. Mkuluyu amawerenga mayina atazolika mutu ngati akupempherera chakudya, dzina lililonse kamodzi, ndipo lamulo limati woitanidwa ayankhe kuti alipo. Odwala mphuno amayankha msanga n'kulowa, moti ena achira mpaka kuyambiranso chimfine china. Odwala pakhosi amamva, koma mawu sawatuluka. Odwala makutu amangokhala phee, akumwetulira khoma. Ikakwana 12 koloko khadi limadindidwa kuti “Sanabwere”, tsiku lina n'kuikidwa pakatha miyezi iwiri. Amuna anga sanabwere kanayi. Ulendo uliwonse amafika 6 koloko m'mawa atavala jekete la ukwati wathu, n'kukhala pa benchi mpaka wokolopa atawanyamulitsa miyendo. Pobwera amayamikira kuti chipatala chanu n'chabata.

Chachiwiri, kafukufuku wanu. Mwana wa alamu anga, amene ali ku koleji, anandiwerengera pa foni n'kundimasulira. Akuti mwapeza kuti pa odwala makutu khumi alionse, asanu ndi awiri sabwera pa tsiku lawo, ndipo chifukwa chake sichinadziwike, pakufunika kafukufuku wina. Akutinso munakwera ndege kukafotokoza zimenezi kwa madokotala anzanu kunja, anthu mpaka kuimirira pokuomberani m'manja. Chithunzi ndinachiona, suti inakukhalani, ngakhale mkono wa kumanzere unafunika kupindako pang'ono. Ndinanyadira kuti nafenso banja lathu lathandiza sayansi. Anthu asanu ndi awiriwo ndikhoza kukuthandizani kuwapeza, chifukwa ndimawadziwa. Pali amuna anga, pali mphunzitsi wopuma wa chipewa chofiira, pali mayi wogulitsa nsapato zakale ndi anzawo. Ali ndi benchi lawolawo pafupi ndi kabati ya mafayilo, amagawana tiyi wa mufulasiki, ndipo awiri mwa iwo tsopano akufuna kukwatitsana ana. Ofufuza anu amawadziwanso, chifukwa amawapempha kuti apinde miyendo akamatsegula kabatiyo kuti awerenge makadi a anthu osabwera.

Chachitatu, ntchito yanu yofikira anthu m'madera. Loweruka lina galimoto yanu inazungulira misewu ya kwathu itasenza zimkuzamawu ziwiri padenga, ikulengeza kuti odwala makutu azisunga tsiku lawo. Uthenga unafika ndithu. Agalu anamva, makanda anadzuka, odwala mphuno anabwera ambiri Lolemba lake. Amuna anga anali pakhonde, anakuimikirani dzanja poyesa kuti ndi ukwati ukudutsa. Munawapatsa sikipa yolembedwa kuti “Sunga tsiku, sunga khutu”, ndipo anaivala mkati mwa jekete tsiku lomwe sanabwere kachinayi. Ndamva kuti zimkuzamawuzo zimasungidwa m'chipinda choyandikana ndi kazenera kaja, zokutidwa bwino kuti zisalowe fumbi, kudikira ulendo wa chaka chamawa.

Chachinayi, musaganize kuti ndangothamangira kwa akuluakulu. Ndinamudikirira Manong'onong'o pageti akuweruka. Anandiyankha mwaulemu, nditachita kumuyandikira ngati tikugawana miseche, kuti fomu ili ndi mabokosi awiri okha, wobwera ndi wosabwera, ndipo la wobwera koma wosamva kulibe. Anati kusintha fomu n'kwa komiti, komiti wapampando wake ndinu, ndipo inu munali kumsonkhano wokambirana za odwala osabwera.

Paja akuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye mundilole ndisiye kaye kuthokoza. Ndikuopa, bambo. Munthuyu ndakhala naye zaka makumi atatu, ndipo theka la ukwati wathu ndi kukangana za wailesi ndi za abale ake. Masiku ano ndikayamba kulongolola amangondiyang'ana pakamwa n'kuvomera zonse, zomwe poyamba ndinkazifuna, koma tsopano zimandiliza. Sabata yatha mdzukulu wathu anawaitana kuti agogo koyamba m'moyo wake, ali kumbuyo kwawo. Iwo sanacheuke.

Tsiku lawo lachisanu ndi pa 18 mwezi uno, ndipo likadutsa limeneli lotsatira ndi la mu Januwale, chaka chomwe munanena chitatha. Mbali yanga ndachita. Ndawasokera dzina lawo pa malaya ndi ulusi wofiira, zilembo zazikulu ngati za pa basi, kutsogolo ndi kumbuyo. Pempho langa ndi laling'ono, losafuna ndege: muuzeni kalaliki wanu kuti tsiku limenelo adzutse mutu.

Koma ngati kudzutsa mutu kukufunika kafukufuku kaye, zipangizo ndaika kale mu envelopu muno, timibulu tiwiri ta thonje. Mudzatseke nato makutu, muvule jasi loyeralo, mukhale pa benchi la pafupi ndi kabati. Amuna anga adzakusungirani malo ndi tiyi. Mukhale modekha, bambo, adzakuitanani.

Ine wanu wogwada mpaka maondo kuchita zikang'a,

Telala wa pakhonde,
mkazi wa a Sanabwere