Kanema Amene Ndinasankhira Asewere

Lolemba

Ndabwerako ku Balaka. Miyendo yatupa, msana sukufunanso kumva za ine, koma mtima uli mbee. Ndaonera kanema wa vidiyo ndi maso angawa. Mwana wanga wa kumeneko ndiye anandilowetsa m'kanyumba kamalata kuseri kwa msika, mazenera atatseka ndi mabulangete, kunja dzuwa likuswa mtengo.

Kanema wa Amwenye. Chiyankhulo sindinamve ngakhale liwu limodzi, koma nkhanza za apongozi sizifuna womasulira. Mtsikana wovala zofiira watengedwa kukakhala kwawo kwa mwamuna. Apongozi onenepa, golide mpaka pamphuno, akumukolopetsa, kumumana chakudya, kumunamizira kwa mwamuna wake. Iye kulira, kenako kuimba, kenako kulira akuimba. Pakati pake ndinapumitsa maso pang'ono chifukwa cha kutentha, koma nkhani sindinaitaye. Potsegula maso ndikupeza mtsikana uja ataonda, atameta tsitsi, atavala thalauzi (kuno akanamugwira tsiku lomwelo), ndipo waphunzira nkhonya kuphiri. Apongozi aja, pochita mantha, avala zachimuna ndi kumata ndevu zoyera. Wawazindikirabe. Theche limodzi la pachifuwa, apongozi adutsa pazenera, akagwera m'khola la abakha.

Kanema ameneyu akufuna munthu mmodzi: Abiti Kazembe a ku Ntaja.

Asiyatu, mdzukulu wanga, ndamulera ndekha chimwalirire mayi ake. Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kuchikazi. Koma Yusufu, mwamuna wake, poti ali ndi kagolosale ku Ntaja, anapempha kumutenga, amalume a mwana nkuvomera ngati awapatsa mankhwala. Lero mwana wanga ndiye bulu wa mayi ake a Yusufu, asewere anga Abiti Kazembe. Kuwanena pamaso sindingathe, ukwati ukatha adzati ndine. Ndiye awauze kanema. Loweruka ndiwakhazika kutsogolo.

Lachiwiri

Ndili ku Ntaja. Pachipata cha msika anyamata a chipani akufuna khadi. Ndalitulutsa pamfundo ya chitenje, lanyowa ndi thukuta, aligwira ndi nsonga za zala. Afunanji, ndilisunge m'firiji?

Che Bwanali ali ndi vidiyo kuseri kwa tiyirumu yawo, ndipo matepi amakabwereka ku Balaka komweko. Akundifunsa dzina la kanema. Ndikuti kanema ali ndi dzina ngati mwana? Ndi uja wa mkazi wa zofiira wolira pachikuto. Akuti onse ali ndi mkazi wolira pachikuto. Ndikuti wa apongozi onenepa. Akuti onse. Pomaliza tagwirizana kuti akafunse tepi imene inaonetsedwa kuseri kwa msika masana a tsiku limene ndinapitako.

Akufuna kundikakamiza ena amene ali nawo kale. Andionetsa pang'onopang'ono. Maganizo anga:

Wa Azungu a zipewa pa akavalo: fumbi lokhalokha. Palibe amene akulima, palibe akusamba. Amadya chiyani anthuwo?

Wa mwamuna wosavala malaya wowombera nkhalango: mfuti yake siitha zipolopolo, mutu wake ulibe nkhani. Ndi wa anyamata ometa m'mbali.

Wa chikondi: mwamuna ayandikira mkazi, milomo yatsala pang'ono, mwadzidzidzi tikuona mtengo. Che Bwanali akuti a boma anadula. Ndiye bwanji osangotionetsa mtengowo kuyambira poyamba?

Bola uja amabwera nawo pagalimoto a zaulimi, wa kakumbidwe ka chimbudzi. Uja umadziwa kumene ukulowera.

Ndadutsa kwa asewere. Asiyatu ndamupeza ndowa ili pamutu, khosi latalika. Abiti Kazembe ali pakhonde, akupumitsa mapazi pampando. Ndawapatsa moni wotsekemera mpaka mano anga achita manyazi. Ndikuti asewere, ndakupezerani kanema wa maphunziro, wonena za m'banja. Akuti aona ngati miyendo ilola. Miyendo imene sigwira ntchito iliyonse.

Lachitatu

Kumenyedwa kwa apongozi a m'kanema sikokwanira. Pakufunika amayi oti, theche likamagwa, atembenuke onse ndi kuyang'ana Abiti Kazembe. Osanena kanthu. Kungoyang'ana.

Lero atiitana amayi tonse kubwalo la sukulu kukaphunzira magule a msonkhano waukulu. Za kuvina ndi mawondo angawa sindilemba. Koma popuma pansi pa mango ndawakambira kanema yense. Ndaimba ngati mtsikana uja, ndayenda ngati apongozi aja, theche ndaponya mpaka chitenje kufuna kundisiya. Amayi agwa ndi phwete. Apampando a amayi, amene anabwera kudzatikalipira, aiwala nkukhala pansi.

Abiti Saidi, mnzanga wa pachitsime, akufunsa ngati ndevuzo zinachoka pogwa. Ndikuti zinatsala pazenera, zikulendewera. Sindinazione bwino, koma zikanapita kuti?

Amayi ambiri alonjeza. Ndawaphunzitsa kutembenuka: pang'onopang'ono, khosi lokha.

Lachinayi

Gulu langa layamba kusungunuka.

Wina mwamuna wake wakana, ati mkazi wolowa mumdima ndi amuna abwerako ali wina.

Wina akuti zithunzi zoyenda zimamupatsa chizungulire. Ameneyu amakwera matola ataimirira mpaka ku Liwonde.

Wina akuti nkhani yonse waimva kale kwa ine, akaonerenso chiyani? Kukamba bwino kulinso ndi tsoka lake.

Ndiye kwabwera uthenga wa Abiti Kazembe. Sakhala pabenchi, akufuna mpando wotsamira. Sakhala ndi amuna. Utsi wa injini ya magetsi usawafike. Tiyi akhalepo. Mfumukazi ya ku Ntaja! Ndabwereranso kwa Che Bwanali, ndawanyengerera mpaka avomera kuti Loweruka masana kukhale kwa amayi okha. Mpando atenga wa m'nyumba mwawo. Nandolo amene ndimasungira ndiwo wapita pa zimenezi. Apite. Khosi la Asiyatu ndi lofunika kuposa ndiwo.

Lachisanu

Kumzikiti ashehe alalikira za maso. Ati maso nawo adzafunsidwa zimene anaona, ndipo kuli amayi ena achikulire, oti akanakhala akuphunzitsa ana ulemu, amene akusonkhanitsa anzawo kukaonera anthu osavala akumenyana. Dzina sanatchule. Amayi onse atembenuka kundiyang'ana, pang'onopang'ono, khosi lokha. Ophunzira abwino.

Potuluka enanso athawa. Watsala Abiti Saidi ndi amayi awiri a mpingo amene ashehe sawakhudza.

Madzulo Che Bwanali adutsa panjinga. Tepi yafika, aiyesa. Akukanda m'mutu, akuti agogo, kumenyana kuja mumanena ine sindinakuone. Ndikufunsa ngati anaonera mpaka kumapeto. Akuti iyayi, injini imadya mafuta, anangothamangitsa. Ndiye ukuona bwanji theche uli pa liwiro? Ana a masiku ano. Ndawauza kuti mawa akhale pafupi aphunzire.

Loweruka

Ndilemba zonse mwadongosolo kuti mtima utsike.

Abiti Kazembe afika atavala ngati akupita ku ukwati, Asiyatu ali pambuyo atanyamula pilo. Akhala pampando wotsamira, kutsogolo, tiyi m'manja. Ine pambali pawo. Abiti Saidi ndi awiri aja kumbuyo, makosi ali okonzeka.

Wayamba. Ndi yemweyo! Mtsikana wa zofiira, apongozi a golide pamphuno. Akumukolopetsa. Ndikuyang'ana asewere m'mbali. Akugwedeza mutu, akuti mtsikanayo sakufinya bwino nsanza.

Lero maso sindipumitsa. Tafika pamene ndinatsinzina ku Balaka. Ndikudikira phiri. Kulibe phiri. Apongozi adwala. Mtsikana akuwaphikira phala, akuwapepesa, akugulitsa zibangili zake kuti awagulire mankhwala. Ndikunong'oneza Abiti Saidi kuti ndi nzeru chabe, akufuna achire kaye kuti theche alimve bwino. Apongozi achira. Mudzi wonse wasonkhana, kuimba, kuvina, maluwa. Mtsikana akubwera pang'onopang'ono. Ndikuti basi, ndi pano. Ndakodola amayi. Wayandikira. Wawerama. Wagwada. Wagwira mapazi a apongozi ndi manja awiri, nkudzipaka pamphumi. Apongozi amuika dzanja pamutu. Malemba akukwera. Watha.

Ndaimirira. Ndikuti Che Bwanali, a boma adula! Ndevu zili kuti? Zenera lili kuti? Iwo akuganiza, kenako ayamba kuseka mpaka kugwira khoma.

"Agogo, wa ndevu zoyera uja ndi tepi ina, ya Matchaina. Ku Balaka amaika iwiri motsatizana. Inu munagona pa Amwenye nkudzukira ku China."

Ndikuti sindinagone. Akuti ndiye mwina vidiyo ndi imene inagona.

Amayi anga atembenuka. Khosi lokha. Osati kwa Abiti Kazembe.

Koma asewere sakumva chilichonse cha izi. Akulira, misozi yeniyeni, akupukuta ndi mpango. Andigwira dzanja.

"Asewere, ine ndimayesa mumandida. Kani mumafuna mwanayu aphunzire. Asiyatu, waona mmene amachitira anzako akunja?"

Asiyatu waimirira. Wandiyang'ana kamodzi, watola pilo.

Lamulungu

Sindituluka. Kuchitsime ndikudziwa kale zimene zikukambidwa, ndipo akuzikamba moipa, opanda manja, opanda mawu osintha. Abiti Saidi wadutsa kudzafunsa ngati ndikufuna kupumitsa maso. Ndamuuza kuti mbuzi zake zili m'munda mwa eni.

Masana kwabwera Yusufu panjinga, nkhope ili ngwee. Akuti mayi ake sanasangalalepo chonchi chimwalirire bambo ake. Ayenda nyumba ndi nyumba ku Ntaja kuuza apongozi anzawo kuti akaonere ndi akazi a ana awo, ndipo akutchula dzina langa, ati wosankha ndine. Che Bwanali asunga tepiyo sabata inanso. Kunyumba kwayamba mwambo watsopano: m'mawa, asanapite kotunga madzi, Asiyatu azigwada ndi kugwira mapazi. Ndowa ikadali yomweyo. Angowonjezerapo mapazi.

Wanditulira phukusi la matemba a ku Chilwa, mphatso ya asewere. Akufunsanso, poti ndine wodziwa za kanema, ndiwasankhire wina wotani ulendo uno. Ndikuti wa chimbudzi.

Ndamufunsa ngati mkazi wake sanatume mawu. Wachita kaye manyazi, kenako wanena monga anamuuzira.

"Agogo, akuti ali bwino, akukupatsani moni, ndipo chonde musadzamuthandizenso."

Yusufu wapita. Matemba ndakazinga, nanga nandolo ali kuti. Ndi abwino, onona, opanda mchenga. Mayi ameneyu nsomba amadziwa kusankha.