Buledi Wachiwiri wa Nambala Seveni

Kwa Bwana Wosaka Atsikana Okongola,
wa pologalamu ya pa kanema ija ya Loweruka.

Bwana,

Lero ndi Lachitatu, folo koloko madzulo, ndipo ndakhala pa tebulo la kukhitchini kuti ndikulembereni. Mundikhululukire zilembo zokhotakhota. Sukulu ndinangoinunkhiza.

Ine ndine gogo wake wa mtsikana amene inu mumamutcha Nambala Seveni. Kunyumba kuno timamutcha Nsungwi chifukwa cha kutalika, koma poti inu mwaona kuti nambala ndi imene ikumukhala, sinditsutsa. Ndamulera ndine kuyambira pamene mayi ake anatisiya. Munamupeza m'sitolo ya nsapato m'mene amagwira ntchito, munamuzungulira ngati mukufuna kugula firiji, n'kumupatsa kakhadi. Munati nkhope ngati yake imaoneka kamodzi pa moyo wa munthu. Mwana wa aneba athu munamuuzanso chimodzimodzi tsiku lomwelo, ndiye tinadziwa kuti msewu wathu ndi wodala.

Ndalemba kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha tepi. Mwanayu ndamusambitsa, ndamusokera madiresi, koma sindinkadziwa kuti chiuno chake chili ndi mlandu. Inu munachiyeza pamaso pa anthu onse, n'kuwerenga nambala mokweza, n'kupukusa mutu ngati dokotala amene wapeza chotupa. Tsopano ngakhale kondakitala wa basi akudziwa kukula kwa chiuno cha mdzukulu wanga, ndipo amandikumbutsa ndikamakwera.

Chachiwiri, tsitsi. Analisunga kuyambira ali kusekondale. Mayi wa magalasi akuda uja amene amakhala kumanja kwanu anati likubisa mafupa a nkhope. Munalimeta iye akulira, kamera ili pamphuno, kanyimbo kachisoni kakumveka pansipansi. Kanyimboko munasankha bwino, bwana. Mlamu wanga, amene sanagwetse msozi pamaliro a mwamuna wake, analira mpaka kupempha madzi.

Chachitatu, atsikana onse a mu mpikisano wanuwo munawaveka gogoda n'kuwayendetsa pa thabwa pamwamba pa dziwe losambiramo. Sindinafikeko kumene anthu amavala zovala zanuzi, mwina misewu yake ndi yotero. Wangayo anagwa kamodzi, koma kwa inu akugwabe, pang'onopang'ono, pakati pa malonda a sopo ndi nkhani za madzulo.

Koma chachikulu ndi cha buledi. Munawajambula atsikanawo tsiku lonse osawapatsa kanthu. Kenako munawatsegulira chipinda muli tebulo lodzaza buledi, batala ndi makeke, n'kuwauza kuti awa ndi malo opumira, mulibe kamera. Kamera inali m'mwamba pakona, kuseri kwa maluwa apulasitiki. Loweruka tonse tinamuona Nsungwi akutenga buledi woyamba, kenako wachiwiri. Pa wachiwiriyo munaimitsa chithunzi, n'kuzunguliza dzanja lake ndi mzere wofiira ngati la wakuba. Munati mtsikana wolephera kudziletsa pa buledi sangapite patali. Munanena zimenezi muli khale pampando, batani la malaya anu la pamimba likupempha chifundo.

Phunzirolo linalowa, bwana, musadandaule. Mwawapatsa tchuthi asanabwerere ku gawo lotsatira sabata yamawa, ndiye ali kuno. Ndikamuikira mbale, amayamba wayang'ana m'makona a denga. Ndinachotsa wotchi pakhoma. Ndinachotsa chithunzi cha malemu agogo ake aamuna, poti naonso amawayang'ana mokayikira. Maluwa anga apulasitiki ndinakapereka kwa aneba. Makoma atsala mbee ngati tikusamuka, koma iye amangomwa madzi otentha n'kunena kuti, "Ndakhuta, agogo." Dzulo ndinamupeza atakhala pansi m'bafa chifukwa cha chizungulire. Siketi imene ndinamusokera chaka chatha akuigwiriziza ndi pini, ndipo akuti mukaiona mukondwa.

Ndamukalipira. Ndamunyengerera. Ndamuitanira amalume ake, amene akakhosomola agalu a msewu wonse amakhala chete. Amatimvetsera mwaulemu, manja ali pamiyendo, kenako amati ife ntchitoyi sitikuidziwa. N'zoona, sitikuidziwa. Woidziwa ndinu, ndipo masiku ano m'nyumba muno mawu amene akumveka ndi anu okha.

Choncho pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wotanganidwa ngati inu. Sindikuti mumupambanitse, ayi. Ndikungopempha kuti Loweruka likubwerali muyang'ane mu kamera yanuyo, ndi nkhope yomwe ija yoweruzira, munene kuti, "Nambala Seveni, idya." Simutuluka nazo thukuta. Iye adzakhala kutsogolo kwa kanema monga mwa masiku onse, ndipo ine ndidzakhala pambali pake, mbale ili m'manja.

Ine wanu wosadziwa za mafashoni,
Gogo wake wa Nambala Seveni.

Foni ya pa kakhadi kaja siyankhidwa, ndipo pageti la ofesi ya bwanawa mlonda anandibweza poti sindinapangane nawo. Ndiye inu amene mwawerenga kalatayi, chonde musaisunge. Patsirani mnzanu, nayenso apatsire wina, mpaka ifike m'manja mwa bwanawa Loweruka lisanakwane. Mukawapeza akudya, musawasokoneze. Dikirani amalize.