A Lachlan Petrie ndi Nzeru Zawo Zobedwa

Kwathu ku Strathellen, kudera la minda ya maapozi ku Scotland, panalibe wosadziwa matenda a malemu a Lachlan Petrie. Ukangowapatsa moni, ankakugwira pamkono n'kuyamba kukudandaulira kuti anaberedwa nzeru.

Zinayamba pamene munthu wina wophunzira wa ku England anatulutsa buku lonena kuti zamoyo zofooka zimafa, zolimba n'kutsala kumabereka ana ofanana nazo, ndipo mitundu imasintha motero pang'onopang'ono. A Petrie atamva, anamenya tebulo m'bala la mayi Morag mpaka mowa wa eni ake kutayika.

"Zimenezi ndinanena ndine kalekale! Ndinaziona pa mbande zanga za maapozi, iyeyo akadali ndi mamina!"

"Munalemba pati, madala?" anafunsa Dougal, wosula zitsulo.

"Kulemba kwa chiyani? Ndinauza Elspeth tikupalira."

Tsoka lake, Elspeth, mkazi wawo, anali atagona kumanda zaka zambiri. Mboni ina panalibe.

Pamaliro a Fergus wogulitsa nyama, chimunthu chonenepa ngati ng'ombe zake zomwe, a Petrie, owonda ngati ndodo, ananong'oneza abusa mokweza: "Mwaona? Ndatsala ndine. Chilengedwe sichiphonya posankha." Mkazi wa malemuyo anawapirikitsa ndi ambulera mpaka pachipata.

Sitima ikamafika ankakhala ali kale pasiteshoni, chipewa cha kutchalitchi chili kumutu. Mlendo aliyense wa magalasi ankamutchingira njira: "Mwachokera ku London, bwana? Mwabwera kudzapepesa?" Wina, wogulitsa mankhwala a nsikidzi, anangovomera chifukwa cha mantha. A Petrie anamuphera nkhuku, n'kumugoneka kwawo.

M'munda mwawo munali kamtengo kena kodwaladwala, kochirikizidwa ndi mitengo, kofunditsidwa masaka nyengo yachisanu.

"Nanga aka bwanji osakasiya kafe, malinga ndi nzeru zanu zija?" anatero Dougal.

"Aka anabzala Elspeth. Sikawerengedwa."

Chaka china mayi Morag anatopa nazo, n'kukonza zoti a Petrie akalankhule m'holo ya sukulu, nkhaniyi ithe. Tinakhamukirako, kunena zoona kukaseka. Mkuluyo anaimirira, n'kutsokomola, n'kuyang'ana mabenchi onse ngati akufunafuna munthu. Mawu osatuluka.

"Ndikamafotokoza, Elspeth uja ankanditsutsa," anatero kenaka. "Ankati, 'Bodza, Lachlan! Zikanakhala choncho, iweyo ukanapulumuka?' Ndiye mawu ankangobwera okha. Pano sindikudziwa poyambira."

Dougal, pofuna kuwathandiza, anakuwa ali kumbuyo: "Bodza, madala!"

A Petrie anamwetulira n'kupukusa mutu. "Zikomo, mwanawe. Koma mawu akowo ndi aakulu kwambiri."

Anatola chipewa chawo n'kumapita okha kunyumba. Chisanu cha chaka chomwecho chinawatenga. Dougal anawapeza m'mawa atakhala pampando pafupi ndi moto wozima, nsapato zili kuphazi.

Ngati nzeru zija zinayambadi ndi iwo kapena ayi, palibe angadziwe tsopano, ndipo m'bala muja sitinafunsanenso. Masiku ano munthu umachoka kutchalitchi mpaka kukafika pamlatho popanda wokuimitsa. Umafika kunyumba msanga kwambiri, madzi a tiyi asanawire, n'kukhala pansi osadziwa kuti nthawi yotsalayo uchite nayo chiyani.