Mfiti ya Mafupa Itapereka Moni pa Moore Street

Ndinene poyambirira pomwe: sindinapepese, ndipo sindidzapepesa. Chimene chinandigwetsa m'mavuto ndi ulemu umene anandiphunzitsa makolo anga, osati ufiti monga amanenera ena kutchalitchi kwathu.

Inali nthawi ija chuma cha Ireland chinagwa chagada. Hotela imene ndinkatsukako mbale inatsekedwa, ndipo ndinazungulira Dublin yense kusaka ntchito mpaka nsapato zinayamba kumwa madzi. Kenako mzungu wina wa kasitolo ka timabuku ta nthano zojambula, kufupi ndi Parnell Street, anati akufuna munthu wamtali wogawa timapepala totsatsa malonda. Kutalika ndiye ndili nako. Za yunifolomu anandiuza nditavomera kale: mkanjo wakuda, chisoti chachifumu cha pulasitiki, magolovesi ojambulidwa mafupa, ndi chigoba cha chigaza.

Nditakayika, anandikhazika pansi n'kundifotokozera mbiri ya mwini zovalazo ngati akunena za malume ake. Akuti mfiti imeneyi inabadwira m'magazini otchipa a ku America, agogo a mzunguyo ali anyamata. Inkaopa imfa, ndiye inachotsa moyo wake n'kuubisa m'kabotolo. Thupi linawola, iyo n'kumayendabe. Ngwazi zinkaipha, koma magazini akasiya kugulidwa olemba ankaidzutsanso. Italowa m'timabuku ta zithunzi, akuluakulu ena analetsa kujambula akufa oyenda, koma lamulolo linafa, mfitiyo ilipobe. (Ndinamuuza kuti kabotoloko kwathu timati nsupa. Anasangalala mpaka analemba papepala.)

Ntchitoyo ndinaigwira, ndipo ndisaname, ndinkaitha. Ana ankandithawa n'kubweranso, makolo ankandijambula. M'chigoba muja munalinso mofunda, ndipo palibe ankandidziwa.

Lachinayi lina masana, pa Moore Street, ndinaona amayi a Tadala, mkazi wa mnzanga Yohane, akutuluka m'golosale ya zakudya zakwathu. Dzanja lina thumba la ufa, lina akukankha kangolo ka mwana. Tadalayo ndi amene ndinkayenera kukhala tate wake wa ubatizo Lamlungu lomwelo. Suti ndinali nditasita kale. Ine wopanda mwana, wopanda m'bale m'dziko lino, udindo umenewu ndinkaufuna ndi mtima wonse.

Tsono ndikanadutsa bwanji mlamu atalemedwa chotero? Ndinayandikira, n'kupinda mawondo pang'ono, manja a mafupa aja n'kuwaomba mwaulemu.

"Mwaswera bwanji alamu? Nanga Tadala wagona bwanji, chifuwa chija chasiya?"

Ngakhale a gule amadziwa kuti ukavala chigoba sutchula munthu dzina. Ine ndinatchula la khanda, n'kuwonjezera ndi matenda ake omwe.

Ufa unagwa. Mayiwo sanakuwe, anangoyamba Tikuoneni Maria mothamanga, akubwerera chambuyo ndi kangolo. Ine pofuna kukonza zinthu ndinatola thumba lija n'kumawatsatira. Tangoganizani, chigaza chachitali chitanyamula ufa, chikuitana m'Chichewa kuti "dikirani alamu". Anthu ogulitsa zipatso ankangoomba m'manja, ankayesa ndi sewero. Nditawapeza pokwerera basi ndinavula chigoba kuti mtima wawo ukhale pansi. Apa ndiye ndinaonjeza moto. Anandiyang'anitsitsa n'kunena motsitsa mawu, "Kani ndi inu."

Mawa lake Yohane anabwera kunyumba. Tiyi anakana.

"Achimwene, job ndi job, ine ndikumvetsa. Koma madam sanagone. Awaimbira foni apongozi ku Dedza, ndipo akuti anthu akunja mumalowa zinthu kuti mulemere."

"Kulemera? Yohane, tayang'ana nsapato zangazi."

"Mungobwera mudzapepese, munene kuti mwasiya. Basi, Sunday zonse zikhala bwino."

Ndinakana. Ndipepese chiyani, moni? Ndisiye ntchito yokhayo imene inandilandira mzinda wonse utanditsekera zitseko? Ndinamuuza kuti mfiti yanga ndi ya pepala ndi pulasitiki, ndipo imadyetsa munthu wobatizidwa. Ngakhale bambo mfumu, amene anakhala ku Malawi zaka zambiri, atamva nkhaniyi anaseka mpaka kutsokomola. Koma anati tate wa ubatizo amasankha ndi makolo, iwo sangalowererepo.

Lamlungu ndinavala suti ija n'kukakhala pa benchi yakumbuyo. Mwana anamunyamula munthu wina wa ku Ballymun amene Misa amabwera pa Khirisimasi pokha. Zinandiwawa kwambiri, ndipo nyimbo sindinaimbe. Lolemba ndinavalanso chigaza changa n'kukaima pamalo pomwe paja.

Ena amati phunziro lake n'lakuti ndikanangokhala chete n'kuwasiya adutse. Mwina. Ine ndikuti ndikadzaonanso mlamu atalemedwa ndi katundu ndidzamulonjera, kaya ndavala chiyani. Chokhacho, Tadala pano ndi mtsikana wamkulu, ndipo tikakumana pakhomo la tchalitchi amandipatsa moni wa Chingerezi, wofanana ndi umene amapatsa munthu wina aliyense.